Mpweya wotuluka m'madambo a pamwamba pa mapiri ku Britain

Funso: Womvera wa ku Dedza akufunsa kuti dothi lakutchire, kopanda fakitale kapena galimoto, lingatulutse bwanji mpweya wotenthetsa dziko.

Yankho: Pamwamba pa mapiri a Pennines ku England ndiponso kumpoto kwa Scotland pali madambo aakulu a dothi lakuda lotchedwa peat. Kumeneko mvula imagwa pafupipafupi ndipo kumazizira. Zomera zikafa, makamaka ndere ya sphagnum, siziwola bwinobwino chifukwa madzi amatsekereza okosijeni amene tizilombo towoletsa timafuna. Zimangounjikana, pafupifupi milimita 1 pachaka, moti mita imodzi ya peat imatenga zaka ngati 1,000. Kaboni amene zomerazo zinakoka mumlengalenga amakhala wotsekeredwa m'menemo. Padziko lonse peat amakuta 3 peresenti yokha ya mtunda, koma amasunga kaboni woposa wa m'mitengo ya nkhalango zonse. Madzi akangotsika, mpweya umalowa, dothi limayamba kuwola n'kumatulutsa carbon dioxide chaka ndi chaka.

Funso: Wina wa ku Mzimba akufuna kudziwa chimene chinaumitsa madambowo.

Yankho: Ndi anthu. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, boma la Britain linkalipira alimi kuti akumbe ngalande m'mapiri pofuna msipu wa nkhosa. Msipu wake sunapindulitse kwenikweni, koma ngalandezo zakhala zikuchotsabe madzi. Eni malo amatenthanso tchire kuti mbalame za grouse, zimene olemera amasaka ndi mfuti, zipeze mphukira zanthete. Ku Peak District, ku England, utsi wa mafakitale a Manchester ndi Sheffield unapha sphagnum, ndipo mapiri a Kinder Scout ndi Bleaklow anatsala ndi dothi lapoyera lokokoloka. Ku Flow Country, ku Scotland, m'ma 1980 anthu analima dambo n'kubzalamo paini chifukwa ankachotseredwa msonkho, mpaka mwayiwo unathetsedwa mu 1988. Kubzala mitengo n'kwabwino, koma pa peat kumawononga: mizu imamwa madzi, dothi n'kuuma. Peat wouma amayakanso, ndipo moto wake umayenda pansi, monga zinachitikira ku Saddleworth Moor mu 2018.

Funso: Mphunzitsi wina wa ku Zomba wamva kuti dambo lonyowa limatulutsa methane. Kodi kubwezeretsa madzi sikungowonjezera vuto?

Yankho: Nkhawayi ndi yomveka. Pamene palibe okosijeni, tizilombo tina timapanga methane, amene pa zaka 100 amatenthetsa dziko kuwirikiza pafupifupi ka 28 poyerekeza ndi carbon dioxide. Koma methane amatha mumlengalenga m'zaka ngati 12, pamene carbon dioxide amakhalitsa zaka mazanamazana, ndipo dambo louma silileka kumutulutsa. N'chifukwa chake kunyowetsa kumapambanabe. Luso lagona pa mlingo wa madzi: azikhala pansi pang'ono pa nthaka, osati kusefukira, kuti tizilombo ta pamwamba tidye gawo la methane asanatuluke. Kuyambira 2003, bungwe la Moors for the Future lakhala likutseka ngalande ndi zigwembe pogwiritsa ntchito miyala, matabwa ndi peat yemwe, kenako n'kubzalanso sphagnum. Mu 2021 England inaletsa kutentha tchire popanda chilolezo pa peat wakuya kuposa masentimita 40 m'malo otetezedwa, ndipo mu 2024 UNESCO inaika Flow Country pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse.