Maola osalembedwa ndiwo akutha mphamvu a docente

Ku Nkondezi kulibe yunivesite, koma ntchito ya yunivesite imafikako tsiku ndi tsiku kudzera pa foni. Aphunzitsi a pulayimale, anamwino ndi ena ogwira ntchito m'boma a kuno ndi a ku Zóbuè akuchita licenciatura ali pa ntchito, ena mwa maphunziro a patali, ena pokwera chapa pa msewu wa N7 kupita ku Moatize ndi ku Tete. Aliyense mwa iwo ali ndi docente, mphunzitsi wa ku yunivesite, amene amamutumizira mafunso, mitu ya monografia ndi madandaulo a manota. Lero ndikulankhula nanu a docente, pamodzi ndi anzanu a ku secretaria, a mu laibulale ndi a mu labotale, chifukwa ambiri mwa inu mwatopa kufika posakondanso ntchito imene munailowa ndi mtima wonse.

Sukulu zaukachenjede zachuluka m'chigawo chathu m'zaka zochepa. Instituto Superior Politécnico de Tete inakhazikitsidwa mu 2005. Universidade Púnguè inabadwa mu 2019, boma litagawa Universidade Pedagógica. UniZambeze imaphunzitsa za umoyo mumzinda wa Tete ndi za ulimi ku Ulónguè, ndipo Universidade Católica de Moçambique nayo ilipo. Malasha a ku Moatize, amene Vale inayamba kutumiza kunja mu 2011 isanagulitse mgodi kwa Vulcan mu 2022, anakoka anthu ambiri ofuna mapepala a sukulu, anakwezanso mitengo ya nyumba ndi zakudya. N'chifukwa chake docente mmodzi amapezeka m'kalasi m'mawa, madzulo ali ku pós-laboral, Loweruka ali ndi a maphunziro a patali, Lamulungu ali pa mulu wa mayeso. Amene amathamanga pakati pa sukulu ziwiri kapena zitatu tinawapatsa kale dzina, timati aphunzitsi a turbo. Sindiwaweruza. Lendi ya nyumba ku Matundo kapena ku Chingodzi siyembekeza munthu.

Mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalemba kutopa kotereku m'buku lake la ICD-11. Silinakutche matenda, koma vuto lochokera ku ntchito, lobwera pamene kupanikizika kwatenga nthawi yaitali popanda kuchepetsedwa. Linatchula zizindikiro zitatu: kutheratu mphamvu, kuipidwa ndi ntchito mpaka kuitalikira mumtima, ndi kuona kuti zimene ukuchita sizikuyendanso monga kale. Chachiwiricho ndicho ndimachiopa kwambiri mwa mphunzitsi. Dzina la wophunzira likaoneka pa foni inu n'kupsa mtima musanawerenge uthenga, mukamachonga mayeso poyang'ana tsamba loyamba lokha, mukamalowa m'kalasi ndi mapepala a zaka zisanu zapitazo osafunanso kuwakhudza, musadzitche waulesi kapena wouma mtima. Thupi ndi mutu zikukuuzani kuti katundu wapyola muyeso.

Chimene chikukuthani si maola a pa horário ayi. Amenewo amadziwika, ndipo munthu amawakonzekera. Chikukuthani ndi ntchito imene palibe amene amailemba: kuwerenga monografia ya masamba makumi asanu katatu, kukhala pa júri ya defesa, misonkhano yoitanidwa mwadzidzidzi, kulowetsa manota m'kompyuta intaneti ikudukaduka, kuyankha WhatsApp usiku ana atagona. Popeza sizilembedwa, mkulu wa dipatimenti akamagawa ntchito amaona ngati muli ndi mpata, n'kukuonjezerani ina.

Choncho gulani kope la ntchito imeneyi yokha. Kwa milungu inayi lembani chilichonse: tsiku, chimene mwachita, nthawi yoyamba ndi yomaliza. Lembaninso nthawi ya pa ulendo, chifukwa kuoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel nthawi ya madzulo n'kuthamangira kalasi ya tsidya lina ndi gawo la ntchito yomweyo. Musaonjezere, musachepetse. Pakutha pa mwezi phatikizani maola a sabata iliyonse. Lamulo la ntchito la dziko lino, Lei 13/2023, limaika malire a maola 48 pa sabata kwa ogwira ntchito m'mabungwe omwe si a boma, ndipo chiwerengero chimenecho chingakuthandizeni kuyesa katundu wanu ngakhale muli wa boma. Ambiri adzadabwa ndi zimene kope lawo lidzaonetsa.

Kopelo lili ndi ntchito inanso. Chiyambire 2022, pamene boma linabweretsa ndondomeko ya malipiro ya Tabela Salarial Única, nkhani ya malipiro yavuta m'masukulu, ndipo tonse tinaona aphunzitsi a sekondale m'madera osiyanasiyana akunyanyala chifukwa cha ngongole ya horas extras. Ngongole ya maola imene ilibe pepala ndi yovuta kuilondola. Musayambe kalasi yoonjezera chifukwa cha mawu a pakhonde okha. Pemphani kuti carga horária yanu ilembedwe ndi kusainidwa, ndipo inu musunge chikalata chanu kunyumba. Izi si kusakhulupirira abwana anu. Iwonso amasinthidwa, ndipo wobwera m'malo mwawo sadzadziwa zimene munapangana.

Tsopano za foni, pakuti apa m'pamene a ku Nkondezi ndi a ku Tete amapwetekana osadziwa. Mphunzitsi wa pulayimale amene akulemba monografia amakhala m'kalasi masana onse, akaweruka ali ndi banja ndi munda, ndiye amagwira mabuku usiku. Uthenga wake umafika pa 22 koloko chifukwa ndi nthawi yokhayo imene ali nayo, osati chifukwa cha mwano. Koma kuti iye walemba usiku sizitanthauza kuti inu muyankhe usiku. Pa tsiku loyamba la semesita auzeni onse kuti mafunso mumayankha masiku awiri pa sabata, tchulani masikuwo ndi maola ake, ndipo musunge pangano limenelo mosaphonya. Munthu amapirira kudikira ngati akudziwa tsiku limene yankho lidzabwera. Amene mukuwatsogolera pa monografia muwasonkhanitse pamodzi kamodzi pa milungu iwiri, pa maso kapena pa foni, chifukwa zolakwa zawo zimafanana ndipo palibe chifukwa chofotokozera chinthu chimodzi kakhumi. Nanunso ophunzira, tumizani mutu wathunthu kamodzi pa tsiku lopangana, osati zithunzi za masamba zobwera chimodzi chimodzi.

Pali yesero limene limabwera kwa munthu wotopa amene sanalipidwe, ndipo ndiyenera kulitchula. Wophunzira amene wathera ndalama zambiri pa chapa ndi pa fizi amabwera ndi kenakake m'manja kuti nota ikwere kapena monografia idutse msanga. Kanani, ngakhale m'nyumba muli njala. Mukalandira kamodzi, foni ija simudzathanso kuizimitsa, ndipo ulemu umene unkakupatsani mphamvu yoima kutsogolo kwa kalasi udzachoka.

Kwa inu a turbo, khalani pansi ndi cholembera. Pa ndalama ya sukulu yachiwiri chotsanipo mafuta kapena chapa, chakudya cha panjira, ndi miyezi imene malipiro amachedwa. Kenaka funsani chimene chaima chifukwa cha makalasi amenewo. Kawirikawiri choyamba kuima ndi maphunziro anu omwe. Kuchoka pa assistente kufika pa professor auxiliar, associado ndi catedrático kumafuna mestrado, doutoramento ndi kafukufuku wofalitsidwa, ndipo zimenezi sizilembedwa pa chapa. Ngati simungasiye zonse, siyani kalasi imodzi, n'kupereka m'mawa umodzi pa sabata ku zolemba zanu, foni ili kutali.

Tchuthi musachione ngati mphatso ya abwana. Ogwira ntchito m'boma, malinga ndi lamulo lawo la EGFAE, ali ndi masiku 30 a tchuthi pa chaka. Lembetsani anu chaka chikangoyamba, ndipo mukapita musanyamule mayeso. Kumbukiraninso kuti kuno ntchito imachuluka nthawi yomwe dzuwa lafika poipa: mu Okutobala ndi Novembala, Tete ikamapyola madigiri 40, ndi pamene mayeso, mapauta ndi ma defesa zimaunjikana. Yezetsani kuthamanga kwa magazi nyengoyo isanafike. Ngati tulo takusowani kwa milungu, mtima ukugunda popanda chifukwa, mowa wayamba kukhala mankhwala a madzulo aliwonse, kapena mwayamba kuganiza zoti moyo ulibe phindu, pitani ku chipatala ndipo mufunse za gawo la umoyo wa maganizo. Uzaninso munthu mmodzi amene mumamukhulupirira.

Mukakwanitsa milungu inayi ija, musalowe nokha mu ofesi ya mkulu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Funsani anzanu awiri kapena atatu kuti nawonso alembe, makamaka ma assistente achinyamata ndi amayi, amene nthawi zambiri amapatsidwa makalasi aakulu ndi ntchito yolemba za misonkhano chifukwa amaopa kukana pamaso pa akuluakulu. Musaiwale a ku secretaria, amene nthawi ya matrícula ndi ya mapauta amalandira mkwiyo wa aliyense pa zolakwa zimene sanapange. Pemphani nthawi mwaulemu, osati sabata ya mayeso. Mungayambe chonchi: “Abwana, tabwera ndi maola athu kuti tiwaone limodzi. Ntchito sitikuikana, koma tikupempha mutithandize kusankha zoyenera kutsogola.” Kenaka pemphani zinthu zimene mkulu wa dipatimenti angathe kuchita ndi mphamvu zake, osati zodikira Maputo: malire a ma monografia pa docente mmodzi, kugawana ma júri mofanana, misonkhano yodziwitsidwa masiku atatu isanachitike, ndi kuti wophunzitsa mpaka usiku asapatsidwe kalasi yoyamba m'mawa mwake. Zimene mwagwirizana zilembedwe mu acta, ndipo mupangane tsiku lodzazionanso semesita isanathe.