PAMPU YOSATSUKA NDI MDANI WA DIMBA

M'nyengo ya cirimwe alimi ambiri a m'madimba amapopera repu, kabichi ndi matimati kuti aphe nsabwe ndi mbozi. Pampu yobereka kumsana, imene kawirikawiri imalowa malita 16, ndi cida cothandiza, koma ikakhala yosatsuka imaononga mbeu zimene mwini wake afuna kucinjiriza.

Cifukwa cake ndi ici. Mankhwala akupha udzu, monga 2,4-D, amatsalira m'thanki ndi m'paipi. Ngakhale atsale pang'ono pokha, akagwera pa matimati masamba amapiringizika ndipo zipatso zimacepa. Cotero mlimi amene angathe akhale ndi pampu ziwiri, ina ya udzu, ina ya tizirombo.

Amene ali nayo imodzi ayenera kuitsuka tsiku lomwelo, poyamba ndi sopo, pambuyo pace katatu ndi madzi oyera. Nthawi iriyonse apope kuti madziwo aturukire pa kakamwa ka pampu. Madzi otsukirawo awapopere m'munda momwe anathira mankhwalawo, kutali ndi citsime kapena mtsinje, pakuti angathe kupha nsomba ndi kudwalitsa anthu ndi ziweto.

Kakamwa kakatsekeka, mlimi asakauzire ndi milomo yace, popeza pamenepo pali poizoni. Akabviike m'madzi ndi kukacotsa zinyalala ndi kaudzu kofewa. Waya kapena singano zimakulitsa bowo, ndipo mankhwala amaturuka opyola muyeso.

Pampu ikauma aisunge pamthunzi, pamalo pamene ana sangafike, kutali ndi nkhokwe ndi zakudya. Wosadziwa muyeso wa mankhwala afunse mlangizi wa zaulimi asanayambe kupopera.