Woyang'anira Masewera a Sukulu: M'mene Amaphunzirira Ntchito Yake ku America

Pa sukulu iriyonse imene iri ndi bwalo la mpira pamakhala munthu mmodzi wosenza udindo wa masewera. Anthu ambiri amayesa kuti ntchito yake ndi kusunga mipira ndi kuliza wezulo basi. Koma tsiku limene mwana wathyoka mwendo kapena wakomoka pabwalo, makolo amafunsa funso limodzi: "Kodi anali kuyang'anira anawa ndani?" Chifukwa cha funso limeneli, ku United States of America anaona kuti woyang'anira masewera ayenera kuphunzira ntchito yake monga momwe namwino kapena mlangizi wa zaulimi amaphunzirira yake, ndi kulandira satifiketi yosonyeza kuti akuidziwa.

Kukula kwa ntchitoyi

Ku America masewera a m'sukulu za sekondale ndi chinthu chachikulu ndithu. M'chaka cha sukulu cha 2023-24 chiwerengero cha olembedwa m'matimu a sukulu zimenezi chinapitirira mamiliyoni 8. Malamulo a masewera ambiri amalembedwa ndi bungwe lotchedwa National Federation of State High School Associations, limene linayamba mu 1920 ndipo likulu lake liri mu mzinda wa Indianapolis.

Pa sukulu pamakhala aphunzitsi a matimu angapo: wina wa mpira, wina wa liwiro, wina wosambira. Pamwamba pa onsewo pali woyang'anira masewera. Iyeyu ndiye amasankha aphunzitsi a matimu, amapangana ndi sukulu zina za masiku a mipikisano, amafuna galimoto zonyamula ana, amasunga kaundula wa ndalama, ndiponso amaona ngati mwana aliyense wolowa m'timu ali woyenera monga mwa zaka zake, maphunziro ake ndi thanzi lake. Kale munthu ankapatsidwa ntchitoyi chifukwa chakuti anali katswiri wa mpira pa unyamata wake. Koma kudziwa kumenya mpira sikuthandiza munthu kulemba bwino ndalama, kapena kudziwa chochita mwana akagwa ndi kutentha.

Bungwe la oyang'anira ndi masatifiketi ake

Mu 1977 oyang'anira masewera anapanga bungwe lawolawo, dzina lake National Interscholastic Athletic Administrators Association, mwachidule NIAAA. Mu 1988 bungweli linayamba kupereka satifiketi kwa okhoza mayeso ake. Maphunziro ake anagawidwa m'zigawo zazifupi, chirichonse cha maola 4, kuti munthu amene ali kale pa ntchito azitha kuphunzira pang'onopang'ono osasiya sukulu yake. Chaka ndi chaka m'mwezi wa December mabungwe awiriwa amachititsa msonkhano waukulu, kumene oyang'anira a m'madera onse amakomana, kuphunzira ndi kugawana nzeru, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Masatifiketi ake ali ngati makwerero. Yoyambirira imatchedwa RAA, ndipo amalandira munthu amene ali ndi digiri ya ku yunivesite ndipo watsiriza maphunziro oyamba a bungweli. Yachiwiri ndi CAA. Woifuna ayenera kukhala atagwira ntchito yoyang'anira masewera zaka zosachepera 2, atatsiriza maphunziro oonjezera onena za malamulo, atalonjeza kusunga malamulo a khalidwe a bungweli, ndi kukhoza mayeso a mafunso 100. Yapamwamba ndi CMAA. Woifuna ayenera kuyamba wapata CAA, kenaka aphunzirenso zigawo zina, ndi kusonyeza ntchito imene iye mwini anaiganiza ndi kuichita pa sukulu pake kapena m'dera lake. Motero satifiketi yapamwambayo sapatsidwa munthu chifukwa choloweza mabuku pokha, koma chifukwa cha chinthu chooneka ndi maso chimene wachita.

Maudindo 14

Phunziro lina lofunika kwambiri ndi lonena za maudindo 14 amene woyang'anira ndi aphunzitsi a matimu ali nawo pa ana. Maudindowa anachokera m'milandu imene makolo anasumira sukulu ana awo atavulala, ndipo mabwalo a milandu anapeza kuti ngozizo zikanapewedwa. Ena mwa maudindowo ndi awa: kukonzeratu dongosolo la masewera, kusasiya ana okha pabwalo, kuona ngati mwana ali ndi thanzi loyenera asanayambe kusewera, kuyendera bwalo ndi kuchotsa zovulaza, kupereka zida zoyenera, kuphunzitsa kaseweredwe kosavulaza, kufananitsa ana monga mwa misinkhu ndi mphamvu zawo, kuchenjeza ana ndi makolo za ngozi zimene zingagwe, kukhala ndi dongosolo la chithandizo cha msanga, kupeza ulendo wabwino popita ku mpikisano, ndi kusankha bwino aphunzitsi a matimu ndi kuwayang'anira.

Udindo wofananitsa ana ndi wosavuta kuumva. Mnyamata wa zaka 12 akagundana ndi wa zaka 17, wovulala amadziwikiratu mpira usanayambe. Mlandu pamenepo suli wa mnyamata wamkuluyo, uli wa munthu amene anawaika m'bwalo limodzi.

Kuvulala m'mutu

Mu 2006, m'chigawo cha Washington, mnyamata wa zaka 13 dzina lake Zackery Lystedt anagunda mutu pansi posewera mpira wa chimereka, umene osewera amagundana ndi matupi atavala zisoti zolimba. Atapumula pang'ono anabwerera m'bwalo, ndipo masewera atatha anagwa. Ubongo wake unavulala koopsa, kotero kuti anakhala nthawi yaitali osatha kulankhula kapena kuyenda. Mu 2009 chigawocho chinakhazikitsa lamulo lotchedwa ndi dzina lake. Lamulolo likuti mwana amene akuganiziridwa kuti wavulala m'mutu atulutsidwe m'masewera nthawi yomweyo, ndipo asabwereremo kufikira wachipatala wodziwa za matendawa atamuyesa ndi kulemba kalata yomulola. Pofika 2014 zigawo zonse 50 za dzikolo zinali ndi malamulo onena za kuvulala m'mutu.

Chifukwa chake n'chakuti ubongo umene wagwedezeka kamodzi umakhala wofooka kwa masiku angapo, ndipo kugundidwa kachiwiri usanachire kungathe kuutupitsa ndi kupha munthu. Mwana angathe kuvulala motere ngakhale asanakomoke. Zizindikiro zake ndi mutu kuwawa, chizungulire, kusanza, kusokonezeka maganizo ndi kuiwala zimene zangochitika. Mwana wokonda mpira amabisa zimenezi kuti asatulutsidwe, ndiye chake woyang'anira amaphunzitsidwa kusadalira mawu a mwanayo akati, "Ndiri bwino."

Dzuwa ndi mphezi

Mu August 2001 Korey Stringer, wosewera wamkulu wa timu ya Minnesota Vikings, anamwalira chifukwa cha kutentha kwa thupi pochita zokonzekera masewera. Mu 2010 ku University of Connecticut kunatsegulidwa malo ofufuza za ngozi zotere, otchedwa ndi dzina lake. Chiphunzitso chawo n'chakuti thupi la wosewera likatentha kupitirira madigiri 40 ndipo mutu wake wayamba kusokonezeka, choyamba ndi kumuziziritsa pomwepo, makamaka pomuviika m'madzi ozizira kwambiri, kenaka ndiye kupita naye ku chipatala. Mphindi zoyambazo ndizo zimapulumutsa moyo. Oyang'anira amaphunziranso kuti ana azolowetsedwe kutentha pang'onopang'ono m'masiku oyamba, ndi kuti madzi akumwa asamanidwe kwa mwana monga chilango.

Pa za mphezi lamulo lake ndi lalifupi. Bingu likamveka, masewera aimitsidwe ndipo onse alowe m'nyumba yolimba. Asabwerere pabwalo kufikira patapita mphindi 30 kuchokera pa bingu lotsiriza. Kuusa mvula pansi pa mtengo n'koletsedwa, pakuti mphezi imakonda kugwa pa chinthu chachitali chimene chaima pachokha.

Atsikana nawonso

Mu 1972 boma la America linakhazikitsa lamulo lotchedwa Title IX, loletsa sukulu zolandira ndalama za boma kusankha pakati pa anyamata ndi atsikana. M'chaka cha sukulu cha 1971-72 atsikana a m'matimu a sekondale sanali kukwana 300,000, koma m'chaka cha 2023-24 anapitirira mamiliyoni 3. Woyang'anira amaphunzira kuona ngati zovala, mabwalo, maulendo ndi nthawi zosewerera zikugawidwa mwachilungamo. Amaphunziranso kuteteza ana kwa akulu a makhalidwe oipa, ndi kudziwa kumene ayenera kukanena mwana akadandaula.

Zimene mphunzitsi wa kumudzi angatolepo

Sukulu ya kumudzi iribe ndalama zonga za ku America, koma zambiri mwa nzeruzi sizilira ndalama. Mphunzitsi wa masewera angathe kuyendera bwalo m'mawa wa tsiku la mpikisano, kukwirira maenje ndi kutola miyala ndi magalasi osweka. Angathe kupangana ndi mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu kuti mwana akavulala adzamunyamula ndani, pa chiyani, ndi kupita naye ku chipatala chiti, nalemba zimenezi papepala lopachikidwa mu ofesi. Angathe kuika ndowa ya madzi abwino pambali pa bwalo, kupewa maseweredwe a masana m'nyengo yotentha, kugawa ana monga mwa misinkhu yawo, ndi kusunga buku lolembamo ngozi iriyonse ndi tsiku lake. Makolo nawo ayenera kumuthandiza pamene watulutsa mwana wovulala m'mutu, ngakhale mwanayo ali wodaliridwa m'timu, chifukwa mpikisano umabweranso chaka chamawa, koma madzi akatayika saoleka.

Aphunzitsi akakomana pa msonkhano wawo wotsatira, nkwabwino kuti awerenge pamodzi maudindo amene atchulidwa pamwambapa, ndi kufunsana kuti ndi angati amene akusungidwa kale pa sukulu pawo, ndiponso ndani adzasamala otsalawo masewera a chaka chino asanayambe.