Kuyendetsa Ngalawa Pamadzi Osaya ndi Pamadzi Akuya

Ife a kumapiri kuno sitidziwa zambiri za ngalawa. Mitsinje yathu ya ku Dowa ndi ku Ntchisi timaioloka ndi miyendo m'chilimwe, ndipo ikadzaza m'dzinja timangokhala pamtunda kudikira kuti iphwe. Amene anakwerapo phiri la Ntchisi tsiku lopanda nkhungu anaiona nyanja ya Malawi iri kung'anima kum'mawa, koma ambiri a ife sitinapondepo m'bwato. Komabe pasukulu pathu pano pa Dzaleka pali anzathu amene anabadwira m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika ndi ya Kivu, ndipo iwo adzandivomereza pa chimene ndifuna kufotokoza. Kuyenda pa mtsinje wosaya ndi kuyenda pa nyanja yaikulu ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo ngalawa yokhoza bwino ntchito imodzi kawirikawiri ilephera inzake. Pa mtsinje choopsa chiri pansi, ndicho mchenga, miyala ndi udzu. Pa nyanja choopsa chichokera kumwamba, ndicho mphepo ndi mafunde amene mphepoyo iutsa.

Tiyambe ndi kapangidwe ka ngalawa. Amalinyero amayesa gawo la ngalawa limene liri m'kati mwa madzi. Akati ngalawa ilowa m'madzi mapazi 3 (ndiyo pafupifupi mita imodzi), ndiye kuti siingayende pamalo pamene madzi achepera mapazi 3. Ngalawa ya pa mtsinje imapangidwa yaphwatalala kunsi kwake kuti iyandame pamwamba. Ya pa nyanja imakhala ndi msana wozama kunsi, ndipo zolemera zonse amaziika pansi kuti mafunde akaikankha ibwerere kuima chiriri. Mungayese nokha kunyumba. Thirani madzi m'beseni, muyandamitse mbale yachitsulo pamodzi ndi botolo lotseka limene mwathiramo mchenga pang'ono. Mukachepetsa madzi, botolo ligunda pansi ndi kupendekeka, mbale ikali kuyandama. Mukaonjeza madzi ndi kugwedeza beseni, mbale imwa madzi ndi kumira, koma botolo lingovina osagwa. Mbale ndiyo ngalawa ya pa Shire, botolo ndilo sitima ya pa nyanja.

Mbiri ya dziko lathu iri ndi zitsanzo zambiri za zimenezi, pakuti kale njira yochokera ku nyanja ya mchere kufika kuno inali ya pamadzi: kulowa pa matsiriro a Zambezi, kukhota kulowa mu Shire, ndi kukwera mpaka ku nyanja yathu. Dotolo Livingstone anayesa njirayi m'chaka cha 1859 ndi kasitima kotchedwa Ma Robert. Kanali kosaya bwino, koma injini yake inkadya nkhuni zochuluka kotero kuti anthu ankatha nthawi yaitali kutema mitengo koposa imene ankatha kuyenda, ndipo zitsulo zake zinabooka msanga. Kanakafika ku mathithi a Kapichira, kumtunda kwa Chikwawa, nkuima. Livingstone anafika ku nyanja ndi miyendo m'mwezi wa Seputembala chaka chomwecho.

Sitima yachiwiri, Pioneer, inafika m'chaka cha 1861. Inali yolimba, yotha kupirira mafunde a m'mphepete mwa nyanja ya mchere, koma chifukwa cha kulimba komweko inkalowa m'madzi mapazi 5 kapena kuposerapo. Mu Shire inakhala yomvetsa chisoni. Inkangotsakamira pa mchenga, ndipo amalinyero ankanyamula nangula m'bwato kukamponya patsogolo, kenaka onse nkumakoka chingwe kuti sitima ikhwekhwereze mimba yake pa mchengapo. Kumapeto kwa chaka chimenecho inakhala pamalo amodzi masabata 5, kumunsi kwa mudzi wa Chibisa, kudikira kuti mvula idzaze mtsinje. Wina anganene kuti kutsakamira pa mchenga si ngozi, popeza palibe amene amira. Koma kumbukirani kuti malowo ndi a madambo ndi udzudzu, ndipo masiku amenewo anthu sanali kudziwa kuti malungo adza ndi udzudzu. Tsiku liri lonse lochedwa pa mtsinje linali tsiku lodwala. Bishopu Mackenzie wa ku Magomero anamwalira pafupi ndi pamene Ruo athira mu Shire mu Januwale 1862, bwato lake litagubuduzika ndi mankhwala kutayika, ndipo Mai Livingstone anamwalira ku Shupanga, m'mbali mwa Zambezi, mu Epulo chaka chomwecho. Onse awiri anafa ndi malungo.

Tsono woyendetsa ngalawa pa mtsinje ayenera kudziwa chiani? Mapu samthandiza kwenikweni, pakuti mtsinje usuntha mchenga wake chaka ndi chaka, ndipo pamene panali njira dzinja lapita lero pangakhale chisumbu. Iye amawerenga madzi ndi maso. Adziwa kuti pa mpindo wa mtsinje madzi akuya ali kunja kwa mpindowo, kumene madzi athamanga ndi kugumula gombe, ndipo mchenga uunjikana m'kati mwake. Adziwa kuti timafunde ting'onoting'ono pamalo amodzi tisonyeza kanthu kobisika pansi. Pa masitima a kale munthu ankaima kutsogolo ndi nsungwi yaitali yolembedwa zizindikiro, nkumaipisa m'madzi ndi kupfuula kuya kwake. Dzuwa likalowa ankamangirira sitima ku mtengo ndi kugona, chifukwa mumdima madzi sawerengeka. Pali zinanso: mvuu zosafuna kupatuka, gumbwa ndi bango za ku Dambo la Njobvu zotseka njira, ndipo m'zaka za pambuyo pake namasupuni. Asodzi a ku Chilwa, nyanja yosaya imene inauma m'chaka cha 1968 ndi cha 1995, amakankha mabwato ao ndi nsungwi m'malo ambiri, ndipo luso lao ndi lomweli la pa mtsinje ngakhale malowo atchedwa nyanja.

Sitima yachitatu ya Livingstone itiphunzitsa mbali inayo. Dzina lake linali Lady Nyassa. Anaigula ndi ndalama zake, ndipo inapangidwa zigawozigawo kuti inyamulidwe kupitirira mathithi ndi kukayenda pa nyanja yathu. Siinafikeko. Boma la ku Britain litamuitana kuti aleke ulendowo, iye anatsika nayo ku nyanja ya mchere m'chaka cha 1864. Sitima ya nkhondo inaikoka ndi chingwe kupita ku doko la Mozambique, ndipo panjira anakumana ndi namondwe woopsa amene anatsala pang'ono kuimiza. Atafika ku Zanzibar anaganiza zooloka nayo kupita ku Bombay, ku India, mtunda wa mamailosi pafupifupi 2,500. Malasha anali ochepa, choncho anadalira matanga, ndipo masiku ena mphepo inkaleka osayenda konse. Anatha masiku 45. Mwa amalinyero ake munali amuna a ku Zambezi amene anali asanaonepo nyanja yotere, ndi anyamata awiri, Chuma ndi Wikatani. Anafika mphepo zaukali za nyengo imeneyo zitangotsala pang'ono kuyamba. Mabuku amatamanda kulimba mtima kwake. Ine ndiganiza kuti tiyenera kutamandanso amuna aja amene anaphunzira kukwera mlongoti ndi kugwira tsigiro pakati pa ulendo, ndi kuvomereza kuti mwai unawathandiza kwambiri, pakuti kasitimako sikanapangidwire madzi amenewo.

Pamene mtsinje ukumana ndi nyanja ya mchere mavuto onse awiri akhala pamodzi. Zambezi amataya mchenga wake pakhomo, ndipo mafunde amasweka pa mchengapo. Kumenekonso madzi amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, chinthu chimene sitichiona pa nyanja yathu, kotero kuti woyendetsa ayenera kudikira ora loyenera kuti alowe. M'chaka cha 1889 Daniel Rankin anaonetsa kuti khomo la Chinde linali lolowereka koposa ena, ndipo Chinde linasanduka doko la Nyasaland ngakhale linali m'dziko la Apwitikizi. Ngakhale pamenepo masitima akuluakulu ankaima kunja pa madzi akuya, ndipo apaulendo ankawatsitsa m'dengu lalikulu lopachikidwa pa chingwe kulowa m'sitima yaing'ono. Pa Chinde ankasinthanso kukwera sitima za pa mtsinje, zaphwatalala, zokhala ndi gudumu lopalasa madzi kumbuyo.

Munthu wopita ku nyanja yathu ankasintha kachitatu, chifukwa cha mathithi. Pakati pa Matope ndi Chikwawa Shire atsika mapazi oposa 1,000, ndipo ndi pamenepo pamene lero pali makina a magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. M'chaka cha 1875 amishoni a Livingstonia, pamodzi ndi Dotolo Laws, anafika kumunsi kwa mathithi ndi kasitima ka Ilala yoyamba, nakaphwasula, ndipo amtengatenga mazanamazana anasenza zitsulo zake pamutu ndi pamapewa masiku ambiri, kukwera mitunda ndi dzuwa la m'chilimwe. Anakalumikizanso kumtunda, ndipo kanalowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875.

Chimene chinapha njira ya pa mtsinje ndi kuchepa kwa madzi. Nyanja yathu imakwera ndi kutsika m'kupita kwa zaka, ndipo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 inali kutsika. Masitima amene ankafika kwa Katunga, pafupi ndi Chikwawa, anayamba kulekeza ku Chiromo, kenaka ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje. Pofika 1915 nyanja inatsikitsitsa, mchenga ndi bango zinatseka potulukira madzi, ndipo Shire wa kumtunda analeka kuyenda bwino kwa zaka pafupifupi 20, anthu nkumalima m'malo a nyanja ya Malombe. Njanji inalowa m'malo: inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mu 1935 mlatho wa pa Zambezi unatha ndi njanji inafika ku Salima. Chinde anali ataonongeka kale ndi namondwe mu 1922. Maganizo otsegulanso njirayi anabwera m'masiku athu ano, ndipo doko la Nsanje linatsegulidwa mu Okutobala 2010, koma ngalawa imene inayembekezeka pa mwambowo inaimitsidwa ku Mozambique, kumene akuluakulu anafuna kuti ayambe afufuza bwino za mtsinjewo.

Tibwere tsopano ku nyanja ya Malawi, imene iri pafupi nafe kutsetsereka msewu wa ku Salima. Madzi ake ndi omweka, koma makhalidwe ake ndi a nyanja ya mchere. Kutalika kwake kuposa mamailosi 350, ndipo kumpoto kuya kwake kufika mapazi 2,300. Mwera, mphepo yochokera kumwera m'miyezi yozizira, uli ndi mtunda wonsewo woutsira mafunde, ndipo ukhoza kuomba masiku angapo osaleka. Mpoto udza m'nyengo ya mvula. Pano woyendetsa sayang'ana pansi koma kumwamba ndi kutali. Afuna mapu, kampasi, nyali za pagombe, ndi kudziwa madoko obisalamo monga Monkey Bay ndi Nkhata Bay. Ndipo nachi chodabwitsa kwa ife a pamtunda. Pa mtsinje, zinthu zikavuta, uthawira kugombe. Pa nyanja, namondwe akakupeza kutali ndi doko, gombe ndilo mdani, pakuti mafunde akhoza kukuponya pa miyala, ndipo sitima ipulumuka poloza mphuno yake ku mafunde pa madzi akuya.

Pa 30 Julayi 1946 sitima yatsopano ya Vipya, imene inali itangoyenda maulendo owerengeka, inachoka ku Mbamba Bay kuoloka nyanja mwera uli kuomba kolimba. Inagubuduzika pafupi ndi Florence Bay, kufupi ndi Chilumba, ndipo anthu 145 anamira. Ambiri anali m'zipinda za pansi ndipo analibe nthawi yotulukira. Palibe ngozi ina ya sitima pa nyanja yathu imene inapha anthu ochuluka chotere.

Ilala yachiwiri inapangidwa ku Scotland, inabwera zigawozigawo monga mnzake wa kale uja, koma pa njanji, ndipo inalumikizidwa ku Monkey Bay ndi kuyamba ntchito mu 1951. Kutalika kwake ndi mapazi 172, ndipo yapirira mwera zaka zoposa 70. Koma kuzama kumene kumaisunga pa mafunde kumailetsa kufika pagombe pamalo ambiri. Pamidzi yopanda doko, monga ku Usisya ndi ku Ruarwe, imaponya nangula patali, nkutsitsa maboti ake ang'onoang'ono, ndipo mabwato a eni mudzi amadzathandiza. Matumba a chimanga, madengu a usipa, njinga, malata ndi ana obereka kumbuyo, zonse zimatsika pa makwerero kulowa m'boti logwedezeka, nthawi zina pakati pa usiku. Boti likagunda mchenga, apaulendo amakwinya zovala ndi kutsiriza ulendo wao ndi miyendo m'madzi olekeza m'maondo.