Akafukufuku Akafika ku Sikelo, Mayi Wothyola Tiyi Achite Chiyani?

Fansidar amene mumamwa ku sikelo uja anachokera m'kafukufuku. Amayi oyembekezera a ku Mangochi anavomera kuyezedwa, ndipo mu 1993 Malawi anayamba kupereka mankhwalawa kwa amayi apakati. Koma akafukufuku amakonda kufika m'mawa, nthawi imene inu muli m'munda ku Satemwa, Conforzi kapena Naming'omba, dengu kumsana, kusaka makilo. Mukasowa m'mabuku awo, mavuto a mayi woimirira tsiku lonse ndi mimba ya miyezi isanu ndi iwiri salembedwa paliponse. Zimenezi zimandiwawa.

Kuti musasowe m'mabukumo, yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Muuzeni kuti kukabwera kafukufuku wa uchembere ku chipatala cha Thyolo kapena ku Malamulo akudziwitseni, ndipo mutchule tsiku limene simupita kumunda.

Akakuitanani, tengani buku lanu la kuchipatala. Funsani ngati kafukufukuyo anavomerezedwa ndi COMREC kapena NHSRC, makomiti oona kuti anthu asapwetekedwe. Chikalata cha chilolezo akuwerengereni m'Chichewa, pang'onopang'ono. Ngati mumamva bwino Chilomwe, pemphani womasulira. Patulani ola lathunthu. Kusadziwa kulemba si chifukwa chokusiyani: mumadinda chala pamaso pa mboni yosakhala m'gulu lawo. Pepala limodzi mupite nalo kunyumba.

Za magazi musachite nazo manyazi. Tonse tikukumbukira mphekesera za anamapopa mu 2017. Funsani: mutenga ochuluka bwanji, kangati, mukawasunga kuti?

Kulowa ndi kwaulere, wina asakulipitseni. Ndalama ya mayendedwe nthawi zambiri amabweza, koma funsani kuchuluka kwake ndi maulendo amene mudzayende, muwerengere pamodzi ndi makilo amene mudzataye, makamaka nyengo yamvula tiyi akamaphuka kwambiri. Ambiri amalakwitsa apa: amavomera chifukwa cha ndalamayo, ulendo wachitatu n'kulephera. Kwa akapitawo pitani ndi kalata ya kuchipatala tsiku lisanafike. Zotsatira za magazi anu sizowakhudza.

Inu abambo ndi apongozi, kambiranani naye mayiyo, muperekezeni, tsalani ndi ana. Koma wovomera kapena wokana ndi mwini mimba. Akakana, kapena akasiyira panjira, sikelo apitirize monga kale, ndipo pasapezeke womumana thandizo.