Za Nyumba ya Munthu Wopumula Nchito

Kuwerenga: 2 Samueli 19:31-39

Pamene munthu walandira kalata yomuuza kuti zaka zace za nchito zatha, abale ayamba kumfunsa za ndarama. Koma pali funso lina loposa la ndarama, ndilo lakuti, Adzagona kuti? Kodi akhalebe m'nyumba ya m'tauni m'mene analereramo ana ace, kapena aigulitse napeze yaing'ono, kapena amange katundu nabwerere kumudzi kumene anacoka ali mnyamata? M'midzi ya Cigawo ca Kum'mawa ncapatali kupeza banja lopanda mbale ku Lusaka kapena ku Migodi. Cotero mlandu uwu ngwa okhala kumudzi omwe, pakuti ndiwo adzamlandira, ndiwo adzamgawira munda, ndiwonso adzamnyamula tsiku limene adzadwala.

Kale funso ili panalibe. M'masiku a Northern Rhodesia nyumba ya m'tauni inali ya mwini nchito, ndipo lamulo la caka ca 1948 linakakamiza olemba anthu nchito kuti aziwapatsa pogona. Nchito ikatha, nyumba yathanso. Munthu anabweza kiyi, nakwera lole ndi bokosi lace, njinga, kapena makina osokera ngati anali wosunga bwino, nabwerera kwa nyakwawa wace. Amene sanabwerere anachedwa macona. Zinthu zinasandulika m'caka ca 1996, pamene boma la Frederick Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za khonsolo ndi za boma kwa iwo okhalamo. Pambuyo pace, pogulitsa migodi ya ZCCM, anchito a m'migodi anagulanso nyumba zao, ndipo kwa ambiri mtengo wa nyumba unacotsedwa pa ndarama zimene akanalandira posiya nchito. Kuyambira pamenepo wopumula ali ndi cinthu cimene agogo ace analibe: nyumba yaceyace m'tauni. Ndi cuma ndithu, komanso ndi cingwe comanga mwendo.

M'Buku Laciwiri la Samueli muli nkhalamba imene inakomana ndi funso lomweli. Barizilai wa ku Gileadi anali munthu wacuma, amene anadyetsa mfumu Davide ku Mahanaimu m'masiku othawa Abisalomu. Nkhondo itatha, mfumu inafuna kumbwezera zokoma, nimuitana kuti akakhale nayo ku Yerusalemu ndi kudya za kunyumba yacifumu. Barizilai anali wa zaka 80. Sanayambe ndi kuyesa ukulu wa nyumba ya mfumu. Anayamba ndi kuyesa thupi lace. Anaona kuti lilime lace silizindikiranso kukoma kwa cakudya, makutu ace sakumvanso oyimba, ndi kuti kumeneko adzangokhala katundu wolemetsa mfumu. Anaperekeza Davide kuoloka Yordano, napereka Kimhamu, mnyamata wa m'nyumba mwace, kuti apite m'malo mwace, iye nabwerera kumudzi kwace kufupi ndi manda a atate wace ndi amace.

Ena powerenga nkhani iyi afulumira kunena kuti iphunzitsa nkhalamba zonse kubwerera kumudzi. Si tero ai. Barizilai sanabwerere kumudzi kumene anacokako zaka 40 zapitazo. Anakana kucoka pamalo pamene anthu anamdziwa. Kwa mphunzitsi amene wakhala ku Matero kuyambira unyamata wace, kapena wa m'migodi amene ana ace onse anabadwira ku Chingola, kapena malo omdziwa ndi m'tauni momwemo, ndipo mudzi wobadwira ndiwo Yerusalemu wacilendo. Cimene nkhalamba ija inacita bwino ndi kuwerenga zaka zace moona, osadzinyenga.

Apa ndipo ambiri aphonya. Kuyambira caka ca 2015 msinkhu wopumulira nchito kwa olowa m'thumba la NAPSA ndi zaka 60, ngakhale munthu akhoza kupumula msanga pa 55 kapena mocedwa pa 65. Munthu wa zaka 60 akali ndi mphamvu. Akaima pa tsala la atate wace aona maekala a cimanga, khola la ng'ombe, ndi dimba la kudambo, ndipo mtima umuuza kuti zonsezi adzazitha. Kapena adzazithadi zaka zisanu kapena khumi. Koma nyumba imene asankha lero ndiyo adzakhalamo maondo atauma ndi maso atacita khungu. Wosankha ndi munthu wa zaka 60, koma wokhalamo nthawi yaitali ndi munthu wa zaka 75 kapena 80, ndipo wokalambayo palibe amfunsa. Ayenera kufunsidwa. Citsime ciri mapazi angati kucokera pakhomo? Nkhuni adzatola ndani? Nthenda za ukalamba, monga kuthamanga kwa mwazi ndi shuga, sizicira ndi ulendo umodzi wa kucipatala. Zifuna mankhwala osalekeza ndi kupimidwa kawirikawiri. Wokhala pafupi ndi St Francis ku Katete, kapena Mwami, kapena Nyanje, kapena cipatala cacikuru ca ku Chipata, ali pabwino. Koma pali midzi ina kumene m'mwezi wa February mtsinje ukadzala, ngolo ya ng'ombe yomwe siioloka.

Ndiponso munda suli penshoni. Walira mvula walira matope. M'caka ca 2024 mvula inadula pakati pa dzinja, cimanga cinauma ciriri m'zigawo zambiri, ndipo pa 29 February boma linalengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Mlimi wozolowera anabvutika caka cimeneco. Koposa kotani munthu amene anathira ndarama zace zonse za kupumula mu feteleza ndi aganyu, manja ace atagwira coko kapena colembera zaka 35 osagwira khasu.

Munthu wina wophunzira za makhalidwe a anthu, James Ferguson, anakhala ku Kitwe m'zaka za 1985 ndi 1986 nafunsa anchito a m'migodi amene anali pafupi kupumula, ndipo pambuyo pace anawatsata kumene anapita. M'buku lace la caka ca 1999 aonetsa kuti cimene cinathandiza kapena kugwetsa anthu aja sicinali ndarama zokha, koma ubale. Iwo amene anali kuceza kwao, kutumiza kanthu, ndi kufika pamaliro, analandiridwa. Iwo amene anaiwala kwao anapeza abale ozizira mtima, ndipo ena anakhala ndi mantha a nsanje ndi ufiti, mpaka kusankha kukakhala pamalo pena pamene panalibe mbale. Anthu a kumudzi adziwa izi popanda buku. Mcona wobwera ndi malata, atakhala zaka makumi atatu osatumiza ngakhale mcere, apatsidwa moni ndi mpando; koma moni ndi mpando sizitunga madzi. Ndipo kumene acoka asiyako anthu amene anali abale ace enieni a masiku onse: mnansi wa kuseri kwa mpanda, anzace a mumpingo, amai a Cigwirizano amene akanabwera kudzaphika iye atagona. Zimenezi sizikwezedwa pa lole.

Tsono pali munthu mmodzi amene mau ace asoweka kawirikawiri pa mlandu uwu, ndiye mkazi. Mwamuna anena kuti, Tibwerera kwathu. Kwao kwa yani? Mwa Angoni a Mpezeni mkazi atsata mwamuna, ndipo ana ndi a kwa atate. Wamasiye akhoza kukhala pakati pa ana ace. Koma mwa Acewa ndi Ansenga mbumba iwerengedwa kucikazi. Mwamuna akamanga nyumba ya njerwa pamudzi pa amace, wamanga pa dothi la alongo ace ndi ana a alongo ace. Iye ali moyo palibe cobvuta. Atamwalira, mkazi wace ali mlendo pamenepo, ndipo mwambo ukhoza kumsudzula kuti abwerere kwao, kusiya nyumba imene ndarama zace zomwe za malonda a pamsika zinagula zitseko ndi mazenera. Ngati mkaziyo ndi Mbemba kapena Mlozi amene anakomana naye m'tauni, kwaoko kuli kutali, ndipo kapena kulibenso womdziwa. Popeza akazi ambiri atsala amuna ao atapita, nyumba ya ukalamba kawirikawiri ikhala nyumba ya wamasiye.

Lamulo la dziko linayesa kucinjiriza amasiye. Lamulo la caka ca 1989 la cuma ca munthu womwalira wosalemba wilo ligawa motere: pa magawo 100, ana alandira 50, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a womwalira 20, ndi ena amene anali kudalira iye 10. Za nyumba linena kuti ikhale ya wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo wotsalayo akhalemo moyo wace wonse, pokhapo akakwatiwanso kapena kukwatiranso. Koma cinthu cimene ambiri sacidziwa ndi ici: lamulo limeneli silikhudza malo a mwambo, amene ali m'manja mwa mafumu. Cotero munthu wogulitsa nyumba ya m'tauni yokhala ndi cikalata ca umwini, namanga nazo ndaramazo pa malo a mwambo, wacotsa mkazi wace pansi pa denga la lamulo namuika pa cifundo ca abale. Abale ambiri ngacifundo ndithu. Koma mwamuna wanzeru sayesa cifundo ca adzukulu ace ndi moyo wa mkazi wace. Lamulo la malo la caka ca 1995 lilola kuti malo a mwambo asandulike a cikalata ca zaka 99, mfumu ndi khonsolo zitabvomereza. Njira yace njaitali ndi yodya ndarama, ndipo si mafumu onse akondwera nayo, koma iripo.

Asayese munthu kuti kukhala m'tauni kulibe minga. Nyumba ya zipinda zinai imene inali yocepa ana ali ang'ono isanduka yaikuru iwo atabalalika. Msonkho wa khonsolo, madzi ndi magetsi sizipumula nchito pamodzi ndi mwini nyumba. Denga lidontha, mipope iola. Ndipo cipinda copanda munthu m'tauni sicikhalitsa: afika mwana wa mlongo wofuna nchito, afika mdzukulu wa sukulu, onse adya pa penshoni imodzi. Penshoniyo, kwa a NAPSA, ilipidwa mwezi ndi mwezi kwa iye yekha amene anasonkha miyezi 180, ndiyo zaka 15. Wosafikapo alandira ndarama za kamodzi. Ndipo iwo amene anatapako magawo 20 pa 100 monga linalola lamulo la 2023 apeza kuti ya mwezi yacepako.

Cifukwa ca ici ambiri apeza njira ya pakati, ndipo iyenera kuganiziridwa munthu asanaitane wogula. Ena amanga kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa bwalo, nakhala m'menemo, nyumba yaikuru naikamo wa lendi. Ena aika wa lendi m'nyumba yonse napita kukakhala pa boma laling'ono monga Petauke, Sinda, Katete kapena Lundazi, pamene cipatala, msika ndi cigayo ziri pafupi, ndi mudzi wa makolo uli ulendo wa njinga. Lendi iri ndi mabvuto ace: wokhalamo acedwa kulipira, ndipo mwini ali kutali, pakuti kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita oposa 550. Komabe lendi ikwera pamene mitengo ya zinthu ikwera, koma ndarama za nyumba yogulitsidwa zisungunuka. Akulu akumbuka kuti kwacha inafooka kotero kuti pa 1 January 2013 boma linadula manambala atatu a kumapeto, K1,000 nikhala K1. Munthu amene anagulitsa nyumba yace m'zaka za 1990 nasunga ndaramazo, sakanagula nazo nyumba yomweyo patapita zaka khumi. Ndiponso ndarama zoonekera ziitana alendo. Nyumba ya njerwa palibe angaipemphe kuti akalipire nayo mlandu wa mwana wace.

Kugulitsa kuli ndi nthawi yace. Ngati palibe mwana kapena mbale wokhulupirika woyang'anira nyumbayo, ngati yaonongeka koposa mphamvu ya mwini kuikonza, kapena ngati pali ngongole yoti ingailande, kugulitsa ndi kugula yaing'ono ya cikalata ndi nzeru. Koma ndi khomo lotseka kumbuyo, ndipo munthu asalowepo m'mwezi woyamba wa kupumula, mtima ukali wotentha ndi alangizi ali ambiri.

Wofuna kubwerera kumudzi ayambe wayesa. Kuceza kwa masiku atatu pa Khirisimasi, nkhuku ikuphedwa tsiku ndi tsiku, sikuonetsa kanthu. Apite iye ndi mkazi wace, akhale dzinja lathunthu kuyambira kubzala kufikira kukolola, alawe njala ya February, matope ndi udzudzu, aone amene abwera kudzawazonda akadwala malungo. Abale a kumudzi nawonso anene zoona: ngati munda umene auloza uli ndi mkangano, aunene lero pamaso pa nyakwawa, asadikire kuti njerwa ziocedwe. Akatsimikiza mtima onse awiri, amange yaing'ono. Zipinda ziwiri kapena zitatu zikwanira, cimodzi ca mdzukulu kapena wodwazika. Khonde likhale lotsika, lopanda makwerero ambiri. Khomo likhale lotakata kuti anthu awiri athe kuturutsa wodwala. Cimbudzi ndi bafa zikhale pafupi, panjira yosalala yoyendeka usiku ndi ndodo. Ndipo zimene apangana za nyumba zonse ziwiri zilembedwe m'wilo, mwini asaine pamaso pa mboni ziwiri zosalandirako kanthu, ndipo ana ndi akulu a mbumba amve mau ace iye akali ndi mphamvu yoyankha mafunso ao.