Bambo a ku Kaliyeka, yambani mwayezetsa magazi

Zikomo bambo a ku Kaliyeka chifukwa cha kalata yanu. Mwati thupi likungofooka, chilakolako cha kuchipinda chinazilala, ndipo anzanu akukuuzani kuti mugule jekeseni ya testosterone. Chonde bambo, musabayitse kaye.

Zimene mukumvazo zimabweranso ndi shuga, kunenepa kwambiri, mowa, kusagona mokwanira ngakhale nkhawa. Shuga makamaka, ambiri amakhala naye osadziwa. Ndiye pitani pa Kawale Health Centre mukafotokoze zonse osachita manyazi. Akaona kuti n'koyenera, akakulemberani kalata yopita kuchipatala chachikulu monga Kamuzu Central.

Magazi oyezera testosterone amatengedwa m'mawa, cha m'ma 7 mpaka 10 koloko, musanadye, chifukwa homoniyi imakwera m'mawa n'kumatsika dzuwa likamapendeka. Kuyeza kamodzi sikukwanira. Amabwereza tsiku lina. Ngati mukudwala malungo kapena matenda ena, dikirani muchire, apo ayi zotsatira zidzakunamizani.

Tsono pali mfundo imene ogulitsa sangakuuzeni. Testosterone yochokera kunja kwa thupi imachititsa kuti thupi lichepetse kupanga umuna. Mwalemba kuti inu ndi mayi a kunyumba mukufuna mwana wina. Jekeseniyo ingathe kukutsekerani khomo limenelo, ndipo zimenezi mukawauze adokotala poyambirira. Imathanso kuchulukitsa maselo ofiira mpaka magazi kulimba, n'chifukwa chake adokotala amayeza zimenezi komanso prostate asanapereke mankhwala, n'kumabwerezanso pakapita miyezi.

Popita kuchipatala, tengani mankhwala onse amene mukumwa, ndi azitsamba omwe, gondolosi yemweyo. Ngati n'kotheka, mayi akuperekezeni.